Phunziro 9: Naomi ndi Rute Ali Pakati Pathu

SABATA MASANA

Sabata ino tiwerenge buku lonse la Rute, pamodzi ndi malemba amene aikidwa pa tsiku lililonse.

Vesi Loloweza: Yakobo 1:27.

Ganizo Lalikulu: Mulungu anaika mayi wachichepere ndi munthu wokalamba m'manja mwa mpingo, ndipo chipembedzo chathu chidzayesedwa ndi mmene tawasamalira.

M'matchalitchi athu ambiri muli malo awiri amene atsala opanda munthu, koma kawirikawiri palibe wofunsa. Malo oyamba ali pa benchi la kwaya ya achinyamata, pamene pankakhala mtsikana wa zaka 16 amene anasiya kubwera mimba itayamba kuoneka. Malo achiwiri ali kutsogolo, mbali ya amayi, pamene pankakhala gogo amene anabatizidwa ambiri a ife tisanabadwe. Miyendo yawo inakana, ndipo ulendo wa ku tchalitchi unatalika. Maina a onse awiri akadali m'buku la mlembi, kapena linalo linafafanizidwa kale pa msonkhano wa mpingo. Eni ake ali moyo, ali m'midzi yathu, ndipo Sabata likafika amamva nyimbo zathu chapatali.

Buku la Rute likutionetsa akazi awiri otere akuyenda njira imodzi kuchokera ku Moabu kunka ku Betelehemu, wina wokalamba, wina wachitsikana, onse amasiye, onse opanda chakudya. Sabata ino tifunsa chimene anthu a Mulungu anawachitira, ndi chimene ife tiyenera kuchitira anzawo amene ali pakati pathu lero.

SANDE: KUKUNKHA M'MUNDA WA BOAZI

Werengani Levitiko 19:9, 10 ndi Deuteronomo 24:19-21. Kodi ndi anthu ati amene Mulungu anawatchula kuti zotsala m'munda ndi zawo?

Naomi anabwerera kwawo ali wowawidwa mtima, kotero kuti anapempha amayi a m'mudzi kuti amutche Mara. Anali ataika mwamuna ndi ana aamuna awiri m'dziko lachilendo. Pa nthawi imeneyo mkazi wamasiye wopanda mwana wamwamuna analibe womuimira pa chipata cha mudzi. Koma Mulungu anali ataganizira kale za anthu otere zaka zambiri Naomi asanabadwe. Mwini munda sankaloledwa kukolola mpaka m'mphepete, kapena kubwerera kukatola mtolo umene anaiwala. Zimenezo zinali gawo la mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Tione kuti limeneli linali lamulo. Wosauka polowa m'munda sankapita ngati wopemphetsa. Ankakatenga chimene Mwini dziko anamusungira.

Werengani Rute 2:8-17. Lembani zinthu zimene Boazi anachita koposa zimene lamulo linafuna.

Boazi anauza Rute kuti amwe madzi m'mitsuko ya antchito ake, anamuitana kuti adye nawo, analamula anyamata kuti asamuvute, ndiponso anawauza kuti azisolola ngala m'mitolo ndi kumusiyira. Pofika madzulo Rute anali atapeza barele wokwana ngati efa, ndipo chakudya chimene chinamutsalira masana anakapatsa apongozi ake. Munthu mmodzi atathandizidwa, anadya ndi awiri. Boazi anadziwanso kuti mkazi wachichepere wosauka amasowa chitetezo monga mmene amasowera chakudya, pakuti njala imatsegulira khomo amuna ofuna kumudyera masuku pamutu.

M'dziko lathu boma linayamba mu 2006, ku Mchinji, ndondomeko yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, imene timaidziwa ndi dzina la Mtukula Pakhomo. Ambiri mwa mabanja otere mutu wake ndi gogo amene akulera zidzukulu zamasiye. Ntchitoyi ndi yabwino, koma siifika pa khomo lililonse, ndipo siichotsa lamulo la Levitiko pa mapewa athu.

Funso Loganizira: Pamene tikukolola chimanga chathu chaka chino, kodi m'mphepete mwa munda wathu mwatsala gawo la yani?

LOLEMBA: MIYEZI ITATU M'NYUMBA YA ELIZABETI

Werengani Luka 1:39-45, 56. N'chifukwa chiyani Mariya anafulumira kupita ku dziko la mapiri la Yudeya?

Mariya anali namwali wopalidwa ubwenzi, ndipo anali ndi pakati pamene anthu a ku Nazarete sakanatha kupamvetsa. Mngelo sanamusiye ndi uthenga wokha. Anamutchuliranso m'bale wake wokalamba amene nayenso anali woyembekezera. Elizabeti anamulandira ndi mdalitso, ndipo Mariya anakhala naye ngati miyezi itatu. Mulungu anaona kuti ngakhale mayi wa Mpulumutsi anafunika mkazi wamkulu womulangiza pa miyezi yoyambirira.

Werengani Genesis 35:16-19. Baibulo silibisa kuti kubereka kuli ndi zoopsa. Rakele anafera pa njira ya ku Efrata, mzamba akumulimbikitsa. Imfa yotere sinathere m'masiku a Yakobo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo m'Malawi, amayi 439 ankafa chifukwa cha pakati kapena kubereka, ndiponso kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Thupi la mtsikana wotere limakhala lisanakhwime, choncho ngozi yake imaposa ya mkazi wamkulu.

Azaumoyo amatiphunzitsa kuti imfa zambiri za amayi zimabwera ndi kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kugamula kuti apite ku chipatala, kuchedwa pa njira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika. Kuchedwa koyamba ndi kwachiwiri kuli m'manja mwathu. Kangati tamva kuti mayi anagona usiku wonse akutaya magazi chifukwa abale amadikira mwini mbumba kuti apereke chilolezo, kapena chifukwa panalibe ndalama yolipirira galimoto?

Elizabeti wa lero ayenera kudziwa zinthu izi. Woyembekezera ayambe sikelo miyezi itatu isanathe, ndipo kuyambira 2016 bungwe la World Health Organization limalangiza kuti aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu asanabereke. Ku sikelo amamuyeza magazi ndi kuthamanga kwake, amamupatsa mankhwala owonjezera magazi ndi oteteza ku malungo, katemera wa kafumbata, ndi uphungu wogona m'neti. Mayi wopezeka ndi HIV amayamba ma ARV pomwepo, njira imene Malawi inayamba mu 2011, ndipo ana ambiri abadwa opanda kachilombo chifukwa cha iyo. Kutaya magazi, mutu wopweteka kwambiri, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kapena mwana kusiya kugunda m'mimba, ndi zizindikiro zoti athamangire naye ku chipatala nthawi yomweyo. Wokhala kutali apite msanga ku chidikiro. Mankhwala azitsamba ofulumizitsa kubereka, onga mwanamphepo, akhoza kung'amba chiberekero, ndipo mkazi wa mpingo asawapereke kwa mwana wa mnzake. Mwana akabadwa, ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi.

Funso Loganizira: Werengani Tito 2:3-5. Kodi amayi aakulu a mpingo wathu amaphunzitsa atsikana zimene zingapulumutse moyo wawo, kapena amangowalangiza za kavalidwe?

LACHIWIRI: MULUNGU AMENE ANAONA HAGARA

Werengani Genesis 16:6-13 ndi 21:14-19. Ndani anachotsa Hagara pa khomo, ndipo ndani anamupeza m'chipululu?

Nkhani iyi ndi yowawa chifukwa amene anachotsa Hagara sanali akunja. Inali nyumba ya Abrahamu, nyumba ya pangano. Hagara anali ndi zolakwa zake, pakuti anapeputsa mbuye wake wamkazi. Komabe kawiri konse mngelo wa Yehova anamutsata, anamuitana ndi dzina lake, ndipo kachiwiriko Mulungu anatsegula maso ake kuti aone chitsime pamene madzi a m'thumba anali atatha ndipo mwana anali pafupi kufa.

Tiyenera kulankhula momveka za mwambo wa mpingo. Chigololo ndi tchimo, ndipo lamulo lachisanu ndi chiwiri silinasinthe. Mpingo uli ndi udindo wodzudzula ndi kulanga. Koma cholinga cha mwambo ndi kubweza wolakwa, monga Agalatiya 6:1 akutiuza. Tikamaliza kukweza manja pa msonkhano wa mpingo, ntchito yathu pa mtsikanayo imakhala itangoyamba. Ngati kuyambira tsiku limenelo palibe mkulu wa mpingo, dikoni wamkazi kapena mayi wa Dorika amene wapondako pa khomo pake, ndiye kuti tamupatsa mkate ndi thumba la madzi ndi kumulozera chipululu. Mtsikana wochita manyazi amabisa mimba, amazemba sikelo, ndipo ena amafunafuna njira zochotsera pakati zimene zimawapha. Nanga mwana ali m'mimbayo analakwa chiyani?

Werengani Yohane 8:3-11. Alembi ndi Afarisi anabweretsa mkazi yekha. Mwamuna anali kuti?

Funso limeneli likutigwera ifenso. Tchimo la mtsikana limaoneka ndi maso, pamene mwamuna amapitiriza sukulu kapena bizinesi yake, mwinanso udindo wake mu mpingo. Ngati wopereka mimbayo ndi munthu wamkulu ndipo mtsikanayo ndi mwana, umenewo ndi mlandu pamaso pa malamulo a dziko, ndipo mpingo usaubise pofuna kuteteza dzina lake. Tisathamangirenso kukwatitsa mwana kuti tichotse manyazi pa banja. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anakonzedwa kuti agwirizane nalo. Kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera ku sukulu, koma sangabwerere ngati palibe womugwirira mwana.

Ena mwa atsikana otere amavutika nthawi yaitali pobereka mpaka njira ya mkodzo kubowoka, ndipo mkodzo umangotuluka osaletseka. Matendawa amatchedwa fisitula. Ambiri amawasala chifukwa cha fungo, ndipo amuna awo amawathawa. Koma nthenda imeneyi imachizika ndi opaleshoni, ndipo pa chipatala cha Bwaila ku Lilongwe pali malo ochitira ntchito imeneyi. Mwina chimene chikusowa ndi munthu womuuza ndi womuperekeza.

Funso Loganizira: Tchulani mumtima mwanu mtsikana amene mpingo wanu unalanga. Ndani anamuchezera komaliza, ndipo ndi liti?

LACHITATU: ZAKA ZA BARIZILAI

Werengani 2 Samueli 19:31-39. Kodi Barizilai anafotokoza bwanji ukalamba wake?

Barizilai wa ku Gileadi anadyetsa Davide pamene mfumuyo inkathawa Abisalomu. Nkhondo itatha, mfumu inamuitana kuti akakhale nayo ku Yerusalemu. Iye anakana. Anali ndi zaka 80, chakudya sichinkamukomanso m'kamwa, makutu ake sankamvanso oimba, ndipo anafuna kukafera kwawo pafupi ndi manda a makolo ake. Davide sanamukakamize. Anamupsompsona, namudalitsa, namulola apite. Apa tikuphunzira kuti kusamalira wokalamba kumayamba ndi kumva chimene iye mwini akufuna.

Zambiri zimene timati ndi ukalamba chabe ndi matenda amene ali ndi chithandizo. Kuthamanga kwa magazi kumakhala m'thupi zaka zambiri popanda chizindikiro, kenaka munthu amafa ziwalo mwadzidzidzi; kuyezetsa kumatenga mphindi zochepa, ndipo mankhwala ake amafunika kumwa tsiku ndi tsiku osalekeza. Matenda a shuga amawononga maso, impso ndi mapazi mwakachetechete. Ng'ala yachititsa khungu agogo ambiri amene akanaonanso ndi kuwerenganso Baibulo lawo atachitidwa opaleshoni yaifupi.

Palinso nthenda ya ubongo imene imachititsa wokalamba kuiwala maina a ana ake, kusokera njira ya kwawo, kulankhula zosamveka, ndi kuyenda usiku, nthawi zina asanavale. Munthu wotere akapezeka m'bandakucha pa khomo la eni, anthu amafuula kuti mfiti yagwa. Nthawi zina amavomera zimene akumunenera chifukwa sakudziwa chimene akufunsidwa. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, anthu okalamba anayi anaphedwa ndi khamu la anthu mtsikana wina atafa ndi mphezi. Lamulo la 1911 linaika kuti kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Koma malamulo a pa pepala sangaime pakati pa gogo ndi miyala. Amene angaime pamenepo ndi anthu, ndipo ife tiyenera kukhala oyamba.

Werengani Levitiko 19:32, Masalmo 71:9 ndi Yesaya 46:4. Mulungu anamanga pamodzi ulemu wa kwa aimvi ndi kuopa Iye. Mlongo wathu amene anaphika nsima pa misonkhano ya misasa zaka 40 sangasanduke mdani chifukwa maso ake afiira ndi utsi wa m'khitchini ndipo nzeru zake zafooka. Wa Sabata amene amanong'oneza nawo kuti gogo uje ngokayikitsa waphwanya lamulo lachisanu ndi chinayi, ndipo ngati mwazi ukhetsedwa, waphwanya nawo lachisanu ndi chimodzi. Makolo athu anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mudzi umene ukutentha dambo lake udzathawira kuti moto ukabuka?

Funso Loganizira: Mutamva lero kuti khamu lazinga nyumba ya nkhalamba m'mudzi mwanu, mungachite chiyani, ndipo mungadziwitse yani?

LACHINAYI: MPINGO WOKHALA NDI DONGOSOLO

Werengani Marko 7:9-13 ndi 1 Timoteo 5:4, 8, 16. Kodi udindo wosamala makolo umayambira pati?

Yesu anadzudzula anthu amene ankatchula chuma chawo kuti ndi Korbani, choperekedwa kwa Mulungu, kuti asathandize nacho atate ndi amayi awo. Tiyeni tidziyese. Nkotheka kukhala wokhulupirika pa chakhumi, kusonkha mowolowa manja pa ntchito yomanga tchalitchi cha m'tauni, pamene mayi wotibereka akugona m'nyumba yodontha kumudzi, mankhwala awo atatha mwezi wathawu. Chakhumi ndi cha Yehova ndipo sitichikhudza, koma sichilipira ngongole ya lamulo lachisanu. Ali pa mtanda, Ambuye wathu anapereka amayi ake m'manja mwa Yohane. Paulo akuti banja liyambe, kuti mpingo uthe kuthandiza amasiye amene alibiretu wina aliyense.

Werengani Machitidwe 6:1-7. Pamene amasiye a Chihelene anaiwalika pa chakudya cha tsiku ndi tsiku, atumwi sanakane kuti vuto lilipo. Anasankhitsa amuna asanu ndi awiri odzala ndi Mzimu ndi nzeru, nawapatsa ntchitoyo. Chifundo chopanda dongosolo chimafika kwa odziwika okha. Ndipo taonani chotsatira chake: mawu a Mulungu anakula, ophunzira nachuluka.

Umenewu ndi cholowa chathu. Gulu la Dorika, lotchedwa ndi dzina la mayi wa ku Yopa wa pa Machitidwe 9:36-42, linayamba pakati pa amayi a mpingo ku Battle Creek mu 1874. Misheni ya Malamulo ku Makwasa, m'boma la Thyolo, inayamba mu 1902, ndipo pambali pa kulalikira panakula chipatala chimene chinatchuka posamalira odwala khate, ndiponso sukulu yophunzitsa anamwino ndi ena ogwira ntchito zachipatala. Amene anatibweretsera uthenga wa angelo atatu anatsukanso zilonda.

Choncho tisasiyanitse pemphero ndi mankhwala. Yesaya atauza Hezekiya kuti Mulungu wamva pemphero lake, analamulanso kuti aike nkhuyu pa chithupsa (2 Mafumu 20:5-7). Aliyense wouza mayi kuti ataye ma ARV, kapena gogo kuti aleke mankhwala a kuthamanga kwa magazi poonetsa chikhulupiriro, akuyesa Mulungu. Sabatanso lisakhale chifukwa chochedwera. Pa Luka 13:10-17 Yesu anamasula pa Sabata mkazi amene anapindika msana zaka 18. M'bale amene wasiya kalasi ya Sukulu ya Sabata kuti anyamule mayi wodwala pa njinga kapena pa galimoto yake wasunga Sabata bwino.

Funso Loganizira: Kodi mpingo wanu uli ndi mndandanda wa okalamba amene sathanso kufika ku tchalitchi? Analandira liti Mgonero wa Ambuye komaliza?

LACHISANU: KUPHUNZIRA MOONJEZERA

Werengani Rute 4:13-17 ndi Luka 2:25-38. M'buku la The Ministry of Healing, limene linatuluka mu 1905, Ellen G. White akulangiza kuti malo oyenera okalamba ndi pakati pa abale awo, ndipo ngati alibe abale, mpingo uwalandire monga banja lawo.

Buku la Rute likutha ndi khanda Obedi lili pa chifuwa cha Naomi, amene anakhala mlezi wake. Rute anadyetsa Naomi m'masiku a njala, Naomi analangiza Rute ndi kumulerera mwana, ndipo mwa mwanayo munadzera Davide, ndi Khristu. Mayi wachichepere ndi wokalamba aliyense ali ndi chimene mnzake akusowa. Ntchito ya mpingo nthawi zambiri ndi kungowakumanitsa ndi kuima pambali pawo monga Boazi.

Mafunso Okambirana:

1. Kodi kalasi yathu ingakhazikitse bwanji thumba la ndalama zoyendera, kuti mayi woyembekezera kapena nkhalamba isachedwe ku chipatala chifukwa chosowa galimoto? Ndani adzasunga, ndipo angapezeke usiku?

2. Ena amati kusamalira mtsikana amene walangidwa kumalimbikitsa ena kuchimwa. Tingawayankhe bwanji kuchokera m'nkhani ya Hagara ndi ya pa Yohane 8?

3. Achinyamata athu angachite chiyani mwezi uno pa makomo a okalamba, monga kufolera denga, kutunga madzi, kuwaza nkhuni, kapena kuwatengera mankhwala?

4. Tingaitane liti mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, kapena namwino wa mu mpingo mwathu, kuti adzayeze akuluakulu ndi kuphunzitsa amayi?

Mwachidule: Mulungu anasungira wamasiye gawo m'munda, anapatsa Mariya nyumba ya Elizabeti, anatsata Hagara m'chipululu, ndipo analonjeza kutinyamula mpaka imvi. Amachita zimenezi lero kudzera mwa anthu ake. Sabata lisanafike, aliyense wa ife afike pa khomo limodzi la amene malo awo atsala opanda munthu m'tchalitchi, ndipo abwere ndi lipoti ku kalasi.